Zitini Zopanda Miyala

Madamu a Sitandade 2 anali ndi lamulo limodzi pa phunziro la nyimbo: mwana asanagwire choimbira, ayambe watseka maso. "Khutu kaye, manja pambuyo," ankatero. Ana ankakhala duu, kumvetsera mpope ukudontha panja, kenako n'kuutsatira ndi zala pa desiki.

Sukuluyo inalibe ng'oma ngakhale yong'ambika. Zoimbira zawo zinali zitini za mkaka, ndipo mwana aliyense anathiramo miyala yotola yekha. Kachete, kamtsikana kamene sikankayankha ngakhale poitana mayina, ndi kamene kankagwira kugunda kwa nyimbo osaphonya. Teremu yonse Madamu ankalonjeza anawo kuti tsiku lotsekera sukulu makolo adzawamva ndi makutu awo.

Kiyi wina wa kabati ya zitinizo anali ndi Madamu a Sitandade 3, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo. Ankagawana choko ndi miseche ya mu sitafu, ndipo ankaitanana kuti asisi.

Tsikulo litafika, ahedi anabwereka sipika yaikulu ngati firiji. Madamu a Sitandade 2 anangoganiza kuti ndi ya zolankhula za ahedi zosatha zija. Ana anafola kutsogolo, zitini m'manja, maso ali otseka. Madamu anakweza dzanja. Asanalitsitse, sipika inabangula ng'oma za pa foni.

Ana anadzidzimuka, nayamba kugwedeza zitini. Madamu, amene anaima pafupi, sanamve kanthu. Analanda chitini chimodzi n'kuchipukusa pakhutu. Munalibe mwala ndi umodzi womwe.

Mnzawo uja anali pambali pa sipika, foni m'manja. Madamu anamufikira mtima ukuwira.

"Asisi, miyala ili kuti?"

"Musakwiye, asisi. Ahedi anati phokoso lija litichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndangokuthandizani. Taonani, anthu akusangalala."

Zoonadi, makolo ankaomba m'manja ndi kujambula pa mafoni. Za ahedi sizinawadabwitse Madamu, poti bambowo nyimbo ankaimva ndi maso. Chinawabaya n'chakuti munthu amene dzulo lomwelo anawathandiza kupukuta zitinizo, akuyamikira ana, ndi yemweyo anabwerera kukazikhuthula.

Koma ana ophunzitsidwa kumvetsera sunganamize makutu awo. Mmodzimmodzi anasiya kugwedeza. Kachete anatsegula chitini chake, nasuzumiramo nthawi yaitali. Kenako anatuluka pamzere n'kubwera kwa Madamu, ndipo kwa nthawi yoyamba anawalankhula asanafunsidwe.

"Madamu, miyala yanga munaitayiranji? Ndimalakwitsa?"

Madamu anagwada kuti amufotokozere, koma sipika inameza mawu awo onse. Mwanayo anawayang'ana pakamwa pang'ono, anasiya chitini pamapazi pawo, n'kupita kukakhala pamiyendo pa bambo ake.