Kaki wa Pampanda wa Mayi Tsuruoka

Tsache linali litayambanso kulira kunja kwa mpanda, ndipo Mayi Tsuruoka anabisala kuseri kwa katani ngati wakuba m'nyumba mwawo momwe. Wosesayo anali Mayi Nagase, a nyumba yachitatu kumtunda kwa msewu. Masamba amene ankasesawo sanali awo. Anali a mtengo wa zipatso zotchedwa kaki, umene malemu amuna a Mayi Tsuruoka anabzala chaka chimene anamanga nyumbayo, ndipo tsopano nthambi zake zinali zitadumpha mpanda.

Nyengo yoyoyoka masamba inali itafika. Kaki anafiira yense, zipatso zakupsa n'kumagwera mumsewu phwa! Mayi Tsuruoka ankafuna kusesa okha, koma msana unali utawakana, ndipo akamadzuka ankapeza mnzawoyo wayamba kale. Manyazi ankawadya. M'dera lija munthu amakhululukidwa zambiri, koma osati kuvutitsa oyandikana nawo. Anapita kwa a Nagase kamodzi ndi bokosi la makeke a mpunga, nawerama mpaka msana kudandaula. Mayi Nagase anangoti, "Mwavutikiranji?" n'kupitiriza kusesa mawa lake. Basi, Mayi Tsuruoka anaimbira foni a Horiguchi, osadzira mitengo.

A Horiguchi anafika m'mawa ndi makwerero ndi sowo, nayang'ana m'mwamba.

"Nthambi zokha?"

"Wonse. Mpaka tsinde."

"Mayi, mtengo uwu ndi wamkulu kuposa ana anu. Amuna anu akadzuka uko agona, ine ndithawa, mutsale nokha."

"Ndawapepesa kale pachithunzi. Dulani, pakamwa panupo ndimapadziwa."

Ananena molimba, koma mtengowo sanauyang'ane. Pansi pa mtengo umenewu ndi pomwe malemuwo ankakhala madzulo, kusenda kaki n'kumamangirira pachingwe kuti aume.

Makwerero atangotsamira mpanda, kunamveka mawu mumsewu. "Mukutani pamenepo?"

Anali Mayi Nagase, tsache lili m'manja. Kumbuyo kwawo kunkabwera amuna awo, a Kenzo, atagwira ndodo, akukoka mwendo wamanzere. Mayi Tsuruoka anadzidzimuka. Bambo amenewa ndi amene kale ankatsogolera anthu a m'deralo kuyenda m'mbali mwa mtsinje Lamlungu, n'kumatchula mtengo uliwonse dzina. Chiwagwereni sitiroko miyezi ya maluwa, Mayi Tsuruoka ankayesa kuti ali chigonere.

"Ndakuvutitsani mokwanira," anatero Mayi Tsuruoka, maso ali pansi. "Tsiku lililonse kusesa zinyalala zanga. Lero zitha."

"Zinyalala zanu?" Mayi Nagase anagunda tsache pansi. "Ine sindisesera inu, mayi! Ndimasesera mdala wamakaniyu kuti ndodo isaterereke."

"Bwanji?"

"Adokotala anati aziyenda. Iwo amvekere, ndiyende kukaona chiyani, magalimoto? Mitengo yonse ya mumsewu uno inadulidwa, watsala wanu wokha. Ndiye tsiku lina anauona pawindo n'kuti, kaki wa a Tsuruoka asanayoyoke, ndikamugwira ndekha. Poyamba ankathera pageti pathu. Dzulo anafika pamzati wa magetsi uwo."

"Mayi iwe," anatero a Kenzo, mawu akutuluka movutikira pakamwa popotoka, "usandinene ngati ndafa."

Palibe anawagwira dzanja. Ngakhale a Horiguchi, amene sadziwa kukhala chete, anachotsa makwerero panjira mwakachetechete. A Kenzo anadutsa mzati uja, naima, napuma, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija. Anakokanso mwendo, kenaka kachiwiri. Atafika pampanda anautsamira, natukula dzanja lamoyolo, nagwira nthambi yotsikira mumsewu. Tsamba limodzi lofiira linawagwera paphewa.

"Ndafika," anatero.

Mayi Nagase anatembenukira kumbali n'kumasesa pamalo poyera kale. Mayi Tsuruoka misozi inangotsika osaipukuta. Ankathokoza mumtima: tsache lija, mwendo wokokawo, ngakhale pakamwa pa a Horiguchi pamene panachedwetsa sowo. Akanangofulumira pang'ono, bambowa akanapeza chitsa.

"Ndiye ine ndidule kapena ndikamwe tiyi kwathu?" anafunsa a Horiguchi.

Mayi Tsuruoka anati, "Sowoyo bwezani m'galimoto. Kwerani muthyole zipatso, theka zipite kwa a Nagase. Chimodzi musiye kunsonga monga timachitira, chilondere mtengo mpaka chaka chamawa."

"Chaka chamawa," anatero a Kenzo, "ndidzakwera ndekha."

"Yambani mwakwera pakhonde nokha, bambo," anawayankha akazi awo, akuwachotsa tsamba paphewa.

M'mawa mwake tsache litayamba kulira, Mayi Tsuruoka sanapite kukatani. Anatsegula geti, nakokera kunja mpando umene amuna awo ankakhalira posenda kaki. Anauika pansi pa nthambi ija, naupukuta ndi nsalu, kenaka anaima pambali kuyang'ana kumtunda kwa msewu, kumene ndodo inali itayamba kugogoda.