Kadzanja pa Mwendo wa Fulu

Delbert Yoakum anayendetsa malole zaka makumi anayi. Mapiri a ku Montana, mchenga wa ku Arizona, milatho ya ku Louisiana, zonsezi ankazidziwa ngati pakhomo pake. Koma pa msewu wakale wa 66, ku Oklahoma, panali malo amodzi amene ankawalambalala. Pamalopo pali fulu wa simenti, wamtali kuposa nyumba, amene bambo ake anamuumba kuti apaulendo aziima n'kugula petulo.

Tsiku loumba mwendo wotsiriza, simenti isanaume, Ginny, mwana wa Delbert wa zaka zinayi, anadindapo kadzanja kake. Chaka chotsatira mwanayo anamwalira ndi chibayo. Zithunzi zake zinapita ndi mphepo yamkuntho pamodzi ndi denga la nyumba. Chotsala chinali kadzanjako basi.

Atamva kuti anthu a m'tauni ya kumeneko amukonza fulu uja, mkazi wake Wanda anati, "Tiyeni tikamuone mwanayo maso athu asanachite mdima."

Anapeza fulu akunyezimira, wobiriwira, atamuveka chipewa chofiira. Alendo a njinga zamoto anali pikitipikiti kujambulitsa.

"Mwaona, a Delbert?" anatero Wanda. "Mnzanu wabwerera paunyamata. Ndikadapempha utoto wotsala ndikupakeniko."

"Ine ndikadali mnyamata, mayi. Mawondo okhawa ndiwo andigalukira."

Anazungulira kumbuyo, ku mwendo wamanzere. Delbert anagwada movutikira n'kuyamba kusisita. Panali see, ngati mbale.

Mayi wina wovala ovololo yothimbirira utoto anafika akumwetulira. Anati dzina lake ndi Darlene, mmodzi wa okonza fuluyo.

"Agogo, mwataya kanthu?"

"Apa panali kadzanja."

"Timaenje tija? Tonse tinatseka. Kuno pokumbika paliponse timamata, chifukwa madzi akaimamo n'kuundana ndi chisanu amang'amba simenti. Mwendo umenewu ndinamata ndekha, masiku awiri athunthu."

"Kanali ka mwana wathu," anatero Wanda. "Anatisiya kalekale."

Darlene anagwira pakamwa. Kenako anati, "Ndili ndi tchizulo m'galimoto. Ndingathe kusema pang'onopang'ono, mwina n'kutulukira."

Delbert anali mwana wa mmisiri, simenti ankaidziwa. Anagogoda pamalopo ndi chala n'kumvetsera. Sipanamveke mphako ngakhale pang'ono.

"Musavutike, mwanawe. Yatsopano yagwirana ndi yakale. Mukasema, zichokera limodzi." Anasisitanso pamalopo. "Mwamata bwino. Bambo anga akanakulembani ntchito."

Anaika chikhatho chake pamwendopo nthawi yaitali. Simenti inali yotentha ndi dzuwa. Kudzuka kunamukanika, mpaka amayi awiriwo anamugwira m'khwapa, wina uku wina uku.

Mmodzi wa alendo aja, kamera ili m'manja, anawapempha mwaulemu kuti asunthe pang'ono. Anasuntha.