Jekete Yofiira Pageti la Njanji

"Vula jekete imeneyo usanatuluke," anatero Mayi ataima pakhomo. "Chinthu chofiira sichiyandikira njanji."

Mwana wawo wamkulu, yemwe pakhomopo ankangomutchula kuti Watawuni, anapitiriza kumanga zingwe za nsapato. "Amayi, malamulo a bambo apita ndi bambo. Sitimayonso ikutha lero lomwe."

Panali patadutsa masiku asanu chiikireni bamboyo m'manda. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi anali mlonda wa geti, pomwe msewu umadumpha njanji, ndipo kanyumba ka zipinda ziwiri kameneka kanali ka kampani ya sitima. Zaka zonsezo Mayi sanayanikepo nsalu yofiira pachingwe cha kuseri, ngakhale kampango. Kusukulu sanapondeko, koma ankadziwa kuti woyendetsa sitima saona mtima wa munthu, amangoona mtundu wa nsalu, ndipo yofiira imamuuza kuti kutsogolo kuli ngozi.

"Bwana wa kampani akhala m'bogi loyamba," anatero Watawuni. "Andione basi, adziwe kuti pano patsala mwamuna. Ndikapita kukakamba za nyumbayi azikandikumbukira nkhope."

Mlongo wake anasiya kusesa. "Mwamuna wake uti, achimwene? Bambo adwala miyezi isanu ndi umodzi, geti ndimatseka ndine. Inu mumatumiza moni."

"Iwe, usandiyankhule choncho pamaliro."

"Malirowo munawapeza? Munangopeza mipando ikubwezedwa."

"Tsekani pakamwa nonse," anatero Mayi motsitsa mawu, maso ali pawindo. "Bwanayo anati atisiya muno bola pasamveke kanthu. Kanthu, mwamva? Khalani ngati kulibe. Ndipo iwe, ndati vula."

Watawuni anawalambalala n'kutuluka. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Dzuwa lisanafike pamutu, anthu anali atadzaza mbali zonse za geti kudzatsazika sitima yomaliza ya anthu. Ena ananyamula ana paphewa kuti adzasimbe akadzakula. Mayi anaima pakhonde atagwira mzati. Sitima imeneyi ndiyo inawabweretsa kuno ali mtsikana, ali ndi sutikesi imodzi ndi mphika wokulunga m'bulangete. Ana awo onse ankagona ndi phokoso lake, ndipo tsiku limene yachedwa ankalira. Wotchi m'nyumbamo sinafunikepo. Koma lero Mayi sankayembekeza sitima, ankangotsata kadontho kofiira kamene kankasowasowa m'khamumo.

Njanji inayamba kung'ung'udza. Mtsikana uja, mlongo wa Watawuni, anatsitsa geti bwinobwino monga anamuphunzitsira bambo ake. Sitima inatulukira pakona, anthu akusuzumira m'mawindo, ndipo khamu linakhamukira kutsogolo mpaka kumuphimba Watawuni. Poona kuti bwana samuona, anakwera pamulu wa miyala, n'kuvula jekete ija, n'kuyamba kuikupiza pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri.

Mayi anakuwa, koma mawu awo anamezedwa ndi huta ya sitima.

Mabuleki analira mpaka mano kuyayamira. Mabogi anagundana limodzi ndi linzake, katundu akugwera anthu m'kati. Sitima itaima, pawindo lina panaoneka mzimayi atagwira pakamwa, magazi akudontha pakati pa zala.

Bwana anatsika ndi alonda awiri a kampani, pambuyo pake woyendetsa sitima, nkhalamba ya imvi, akupuma mwabefu.

"Njanji yathyoka pati?" anafunsa woyendetsayo. "Kapena pagwa munthu?"

"Ayi, bambo," anatero Watawuni, jekete ili m'manja. "Ine ndimangotsazika."

"Kutsazika?" Nkhalambayo inamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndiwe mwana wa mnzanga uja? Ayi, ukunama."

Bwana sanakweze mawu. Anafunsa ngati mnyamatayo ndi wa m'nyumba ya kampani, ndipo mlongo wake anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anatembenukira kwa Mayi. "Pepani ndi maliro. Mwezi uno ukamatha, makiyi akhale ali ku ofesi."

Mayi sanapemphe chilichonse. Anangoona alonda akumugwira mwana wawo m'mikono n'kumukweza m'bogi lomaliza kuti akayankhe kusiteshoni.

Woyendetsa uja anabwerera, koma atafika pamakwerero anaima. "Pageti lino sindinachokepo popanda mbendera yobiriwira," anatero. "Sindiyamba lero."

Mtsikana uja anali atakhala pansi. Mayi anatsika pakhonde, n'kutola mbendera imene inagwera pafupi naye. Kamtengo kake kanali kosalala, kokumbika pomwe pankakhala chala chachikulu cha amuna awo. Anaikapo chawo. Anapita pakati pa geti, n'kuifulatira sitima, n'kukweza dzanja maso ali kumsewu.

Mabogi anayamba kudutsa kumbuyo kwawo, limodzilimodzi.

"Amayi, tembenukani," anatero mtsikanayo akulira. "Ndi yomaliza. Achimwenenso ali momwemo."

"Bambo ako zaka zonsezi sanaiyang'anepo ikamadutsa," anayankha Mayi. "Ankati sitima sisochera, amasochera ndi anthu."

Mayi anaona kamtsikana kena kakulowetsa mutu pansi pa geti, n'kukabweza ndi phazi. Dzanja sanalitsitse mpaka njanji itakhala chete.