Nyemba Zinakula Pambuyo pa Pasaka

Masabata asanu ndi limodzi tinakhala tikuyeza nyemba, ine ndi mnzanga wa m'kalasi, Przemek. Miphika makumi awiri pakhonde la kwawo: khumi tinasakaniza dothi ndi zotsalira za khofi, khumi dothi lokhalokha. Madzi tinkathira mowumira, kapu imodzi pa masiku atatu, kuti tione ngati khofi amasunga chinyezi. Tsiku ndi tsiku rula ndi kope. Ndinatopa nazo nyemba, moti mayi akaphika supu wa nyemba ndinkangotafuna buledi.

Tinkafuna chinthu chimodzi, kupita ku mpikisano wa sayansi mumzinda wa Lublin. Sukulu yathu imatumiza gulu limodzi basi, ndipo lipoti linkafunika Lachisanu.

Lachiwiri titaweruka tinakhala m'chipinda cha makompyuta kulowetsa manambala. Ntchito yogwetsa ulesi kuposa kuyeza komwe. Przemek ankawerenga, ine ndikutayipa, koma zolemba zakezo, abale inu, ngati nkhuku yapalasa. Tinakangana kangapo, khosi linandiwawa, maso analema. Tchati itatuluka, mizere iwiri inayendera limodzi masabata anayi, kenako wa khofi unakwera n'kuusiya unzake kutali. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati kuvutika konse kuja sikunapite pachabe.

Mayi Wrzosek, aphunzitsi athu a sayansi, anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Sanatiyamikire. Analoza pomwe mzere unayambira kukwera, n'kufunsa kuti linali tsiku lanji. Ndinatsegula kope. Linali Lolemba la Pasaka.

"Ndiye pakhondepo panali pouma tsiku limenelo, Ludmiła?"

Pomwepo ndinakumbukira. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti Lolemba la Pasaka anyamata amathira atsikana madzi, ndipo wosafuna kunyowa satuluka m'nyumba. Koma ine, mwini nzeru, ndinanyamula rula n'kupita, ati sayansi ilibe holide. Przemek ndi akulu ake awiri anandibisalira ndi ndowa. Ndinathawira kuseri kwa shelefu ya kumanzere, yomwe panali miphika ya khofi. Ndowa zitatu zonse zinathera pamenepo. Ndinabwerera kwathu ndikunjenjemera, ndikutukwana njira yonse, koma za miphika sindinaziganizire ngakhale kamodzi.

Aphunzitsi anavula magalasi. Anati nyemba sizimeranso pofika Lachisanu, ndipo iwo asaina lipoti lokhalo lonena zomwe zinachitika. Anatuluka kukafuna tiyi.

Przemek anayamba kunong'ona, ati ku Lublin palibe amene adzatsegule kalendala, ati tikhoza kusuntha masiku pang'ono. Ndinamumvetsera mpaka kumapeto, ndisaname, chifukwa ulendowo ndinkaufuna kwambiri. Koma ndinalibe mphamvu yosenza bodza pamwamba pa kutopa konseko. Ndinafufuta masabata awiri omaliza. Mizere inatsala itagona pamodzi, palibe woposa unzake.

"Tsono pomaliza tilemba chiyani?" anafunsa.

"Lemba kuti khofi sathandiza kanthu, ndowa ndiyo imathandiza."

Sanaseke, nanenso sindinaseke. Anatayipa ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, pomwe ine ndinkatola chikwama. Tonse tinkadziwa kuti ku Lublin kupita ena. Ndili pakhomo anandifunsa kuti miphika ija titani nayo. Ndinamuuza kuti azithirira yekha, popeza ndiye katswiri wake.