Maliro Adikire Ndege ya Jessy

"Tiika mawa," anatero a Maxwell akugogoda ndodo pansi. "Adzukulu ndawauza kale."

Linali Lolemba, mwezi wa Okutobala, ndipo ku Mnkhanya kunkatentha mpaka nkhuku kuyasama. Anthu anali atagona kale masiku awiri pamaliro a Abraham. A Maxwell, mkulu wawo wa malemuyo, ndiwo ankayendetsa mwambo. Mkazi wamasiye, amayi Ennie, anali pamphasa pakhonde.

"Mawa ayi, alamu. Jessy akubwera."

"Ku Toronto mukuyesa ndi pa Chipata? Anthu asiya kusosa m'minda. Tikhale pano mpaka mvula igwe?"

Jessy anali mwana yekhayo wa malemuyo, nesi ku Canada. Amayi Ennie anatambasula kapepala kamene analembapo zonse zimene mwanayo anawauza.

"Anyamuka mawa. Toronto mpaka Addis Ababa ndi maola satini, makilomita opitirira leveni sauzande, osatera pena paliponse. Kuchoka apo, maola folo ali pa Lusaka. Agona. Lachinayi m'mawa kandege kakang'ono kamutula pa Mfuwe. Tiika Lachinayi masana."

Amuna ena pansi pa mtengo wa mango anaseka.

"Amake Jessy, ndege munaikwera liti?" anafunsa mmodzi.

"Sindinaikwerepo. Koma kuwerenga ndimadziwa."

Nkhope ya a Maxwell inachita mdima. "Wamasiye salamula maliro. Bweretsani kuno chikalata cha kuchipatala."

Popanda chikalatacho, thupi silikanatulutsidwa ku mochale. Amayi Ennie analoza mfundo ya chitenje m'chiuno mwawo.

"Chili apa. Bwerani mudzamasule nokha."

Palibe mwamuna amene akanayerekeza kugwira chitenje cha mkazi wa m'bale wake, anthu onse akuona.

"Mng'ono wanu wadwala miyezi inayi," anapitiriza amayiwo. "Kwanu n'pafupi, panjinga simutuluka ndi thukuta lomwe. Munabwera kawiri. Mwana akuwoloka nyanja, inu mukulephera kumudikira masiku awiri?"

"Ndiye muike nokha!"

A Maxwell anakwera njinga. Achibale awo anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, ena atapinda mphasa zawo, mpaka bwalo linatsala theka. Amayi Ennie anawayang'ana akupita. Misozi inatsika, koma sanaitane aliyense.

A Margaret, mlongo wawo wa a Maxwell, anali atamanga kale katundu. Anaima kanthawi panjira, kenaka anabwerera n'kukhala pamphasa pomwepo.

"Achimwene akwiya lero, Lachinayi adzabwera okha," anatero. "Muimbireni mwana."

Foni inaitana kamodzi kokha.

"Amama, ndamva kuti akuika mawa," anatero Jessy akulira. "Ndibwerebe?"

Amayi Ennie anapukuta m'maso.

"Kwera ndege, mwanawe. Atate ako uwapeza."