Wotchi ya Malemu Febby

Ntchito yanga ndi kukayikira anthu. Ndinaphunzira zamalamulo zaka zinayi kuti ndidzathere m'kachipinda ka pa Cairo Road, kumaunika mapepala a anamwino ofuna kukagwira ntchito kunja. Dziko lililonse lili ndi zofuna zake. Lina limafuna kalata ya khalidwe labwino, lina limawerenga maola amene munthu anagwira m'chipinda chochilira amayi. Ine ndimafananiza zonsezo, kenako ndimachonga bokosi limodzi mwa awiri: "Ndi mwini wake" kapena "Si mwini wake". Ndinkaikonda ntchitoyi monga ena amakondera nsolo.

Fayilo ya Febby Mulubwa wa ku Kabwata inalibe banga. Layisensi yake ya unamwino inkakonzedwanso chaka ndi chaka kwa zaka makumi awiri. Koma dziko limene ankafuna kupitako linapempha chinthu chimene maiko enawo sanapemphe: chithunzi cha tsiku lomaliza maphunziro, chochokera kusukulu komweko.

Sukuluyo, ya ku Luapula, inatumiza. Mtsikana wa kachipewa koyera, mpata pakati pa mano, kawotchi kolendewera pachifuwa. Kumbuyo kwa chithunzicho wina analemba ndi bolopeni: "Anatisiya mu 2011. Ause mumtendere."

Ndinaitanitsa mwini fayiloyo. Anafika Lachitatu masana atavala yunifolomu, kawotchi komweko kali pachifuwa. Nkhope inali yomweyo, koma mano anali ogundana, opanda mpata uja.

"Shani, ba Thandazani? Mapepa yasila?" anandilonjera, akufunsa ngati mapepala atha.

"Nkalani pansi, ba Sister." Ndinawakankhira chithunzicho. "Uyu ni ndani?"

"Ni Febby."

"Nanga imwe?"

"Naine ndine Febby." Anaseka pang'ono. "Imwe bodya mbeba ba ku Chipata, mafunso monga ba police."

Tsiku lina ndikanabweza chipongwecho, poti Mbemba ngati iwo ndi munthu wa kum'mawa ngati ine salekerana pa nthabwala. Koma tsikulo ndinangotembenuza chithunzicho kuti aone zolembedwa kumbuyo.

Anafotokoza okha, modekha. Anabadwa ali Chola, mng'ono wake wa Febby. Mkulu wawoyo atadwala, anamusamalira zaka ziwiri, ndipo wodwalayo ndiye anawaphunzitsa kubaya jakisoni pa mkono wake womwe. Maliro atatha, abale anakhala pansi monga mwa mwambo wa kwawo, kusankha wolowa m'malo mwa malemu. Anasankha Chola. Anamuveka wotchi, kumupatsa dzina, ana atatu a malemuyo ndi sutikesi. Layisensi inali mu sutikesimo.

"Bananiuza ati vonse va Febby ni vako. Kulibe anakamba ati kuchotsako ka pepa."

"Koma simunayende ku sukulu ya unesi."

"Febby anayenda." Anayang'ana zikhatho zawo. "Nikagwila mwana odwala, manja aya si yanga. Funsani ku kiliniki, zaka zonse izi."

Ndinatsegula malamulo a maiko asanu ndi awiri amene ndimasunga, iwo akundiyang'ana. Ndinapezamo dzina losintha chifukwa cha ukwati, dzina losintha kukhoti, ngakhale dzina lolembedwa molakwika. Dzina lolandira pamaliro munalibe. Ndinabwerezanso kawiri, ine amene sindibwereza.

"Mukachonga uko," anatero, akuloza bokosi lachiwiri, "nchito yasila, na Febby mwamuika m'manda kachiwili."

Ndinaganiza za ana atatu aja. Ndinaganizanso za singano ikulowa m'mkono wa mwana wa munthu wina, woibayayo akukhulupirira kuti manjawo ndi a malemu. Ndinachonga "Si mwini wake".

Sanalire. Anamasula kawotchi pachifuwa nakaika pa fayilo, pamwamba pa siginecha yanga.

"Kwathu dzina siinkala ilibe munthu. Mwanichotsa ine. Manje musunge ndimwe."

Anatuluka, ndipo ndinamva nsapato zawo zikutsika masitepe onse mpaka pansi.

Kawotchiko kali m'dirowa langa. Ndi kachikale, kopukusa ndi chala, ndipo ine sindinakapukusepo. Patha miyezi isanu. Magetsi akazima, fani n'kuima, ndimakamva kakugunda pansi pa mafayilo.