Kanema wa M'munda wa Nandolo

Albertina wa ku Namitambo anakhala zaka zambiri akumva mawu amene anthu ena samawamva. Mawuwo ankamuuza kuti mudzi wonse ukumuseka. Mankhwala a kuchipatala cha pa Boma anawachepetsa mphamvu, koma sanawathetse. Namwino wina, a Kalinde, ndiwo anamuphunzitsa kuti mawuwo akabwera azikhala pansi, kumvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, kenako kudzilankhula mofatsa ngati akutonthoza mng'ono wake wodwala.

Ankachita zimenezi m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba, dzanja lili pamtima. Amene ankadziwa anali Tikhala yekha, mnzake wa m'kwaya ya kutchalitchi.

Lamulungu lina Misa itatha, mkulu wa kwaya, a Bonifasio, anamuitanira pambali.

"Chemwali, ulendo wokaimba ku Limbe uja mutsale. Mupumuleko kaye."

"Ndalakwanji, bambo?"

A Bonifasio anazengereza, kenako anatulutsa foni. Pa kanemayo Albertina anadziona ali chikhalire m'nandolo, atatsinzina, akunena kuti, "Zikuwawa, Albertina, koma suli wolakwa." Chapansipansi wojambulayo ankamveka akuseka, ndipo kasekedweko anakadziwa. Kwaya yonse inali itaona kale.

Albertina anakamupeza Tikhala pamjigo.

"Unandijambula ndiwe?"

"Zinali zocheza chabe, amwali. Ndinangotumizira munthu mmodzi."

"Ndinakupempha kuti za kumunda kuja asadziwe munthu."

Tikhala anasenza ndowa yake. "Ndiye ufuna udwalirepo pa kanema?"

Pobwerera mawu aja anabwera mwaukali: tinakuuza, onse akukuseka. Chimene chinamulasa mtima n'chakuti ulendo uno sankanama kwenikweni. Zaka zonsezi ankalimbana kuti asamawakhulupirire, ndipo amene ankamulimbitsa, kumuuza kuti palibe akumuseka, ndi matenda chabe, anali Tikhala yemweyo.

Albertina anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, akabaza akudutsa namuyang'ana. Anafuna kudzitukwana chifukwa choulula zakukhosi, koma anayamba wapuma kaye, pang'onopang'ono, misozi ikutsika.

"Ena aseka, ndi zoona," anadziuza. "Koma si mudzi wonse. Ndipo kukhulupirira mnzako si uchitsiru."

Mawuwo sanachoke, koma iye anatha kudzuka n'kukafika kunyumba.

Kwaya inapita ku Limbe iye atatsala. Patapita masiku, Tikhala anafika ndi mbale ya mbatata, akumwetulira ngati palibe chinachitika.

"Kanema uja unafufuta?" anafunsa Albertina ali pakhomo.

"Mufoni yanga ndinafufuta."

"Nanga mwa enawo?"

Tikhala anayang'ana pansi.

"Tenga mbatata zako, Tikhala. Sindikukuthamangitsa, koma lero sindingadye."

Mnzakeyo anaima kanthawi, mbale ili m'manja, kenako anatembenuka n'kumapita. Albertina sanamuperekeze.